Tsiku limene tinasambitsa matayala madzi otentha

Loweruka lapitali, kusanache bwinobwino, ine mwamuna wa imvi kumutu, amene ena mwa inu mumandipatsa moni waulemu pamsewu chifukwa cha danga lino la m'nyuzipepala, ndinagwada pafumbi ku Palabana n'kumasambitsa tayala la motoka ndi madzi otentha. Sindikunena kutsuka matope ayi. Kusambitsa kwenikweni, monga achitira mayi ndi khanda, kuti lisamve mphepo.

Musafulumire kuseka. Mwina pofika pakati pa tsamba lino mupeza kuti nanunso ketulo ili m'manja.

Ndiyambe ndakuuzani anthu ake.

Asisi anga, a Esnati, amene ine ndinawapondera pamutu, ali ndi kapoloti kufupi ndi Palabana, ng'ombe zamkaka zitatu, ndi lilime lometa munthu mpala wopanda madzi. M'mawa uliwonse mkaka wawo umapita panjinga ku depoti ya kopaletivu, m'zigubu ziwiri zachitsulo, ndipo uyenera kufika isanakwane ziro eiti. Kumeneko amayamba auyesa. Akapeza kuti wayamba kusasa amakubwezera, kaya ndiwe mkazi wa abusa kaya ndiwe ndani.

Gulu lawolo lili ndi mwambo wake. Ng'ombe ya gulu ikaswa mwana wamkazi, mwanayo akakula amaperekedwa kwa mlimi mmodzi kuti awonjeze khola. Chaka chino anagwirizana kuti msoti upita kwa amene mkaka wake sunabwezedweko ngakhale kamodzi kuyambira Januwale mpaka kutha kwa Juni. Anthu anagwa mmodzimmodzi, wina ndi mvula, wina ndi maliro, wina ndi ulesi chabe. Asisi sanagwe. Mwezi wa Febuluwale, njira itasanduka dambo, anasenza chigubu pamutu. Mwezi wa Epulo anakama malungo ali m'thupi, akunjenjemera, mutu atautsamiritsa pamimba pa ng'ombe. Pofika sabata yatha anatsala anthu awiri, iwo ndi mnansi wawo, Amake Lute. Onse akanafika kumapeto, msoti unali wa asisi, chifukwa ndiwo analowa m'gulu poyamba. Kunatsala masiku atatu. Kakhola anali atamanga kale, udzu wake ataunjika kale.

Alamu anga, amene amapalasa njinga ya mkaka masiku onse, anali ku maliro ku Katete. N'chifukwa chake asisi anandiitana kuti ndikagone kumeneko Lachisanu, m'mawa ndipalase ine. Ndinavomera ndi pakamwa, mawondo akukana. Inu mukuidziwa mphepo ya Juni ya kuno ku Chongwe, ija imalowa m'makutu n'kukatulukira m'mano.

Ndiye dzuwa likupendeka Lachisanu lomwelo kunatulukira Masauso.

Masauso ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, choncho mwambo umandilola kumunyoza m'nyuzipepala ndipo sangapite nane kulikonse. Amagulitsa mafoni mu Lusaka. Miyezi iwiri yapitayo anaitanitsa motoka kuchokera ku Japan: yofiira, ya zitseko ziwiri, yaifupi mwakuti nkhuku siingathe kubisala pansi pake, yaphokoso mwakuti agalu a poloti yachisanu anadziwa kuti wafika. Anati wabwera kudzaona asisi. Bodza. Anabwera kuti asisi ndi anansi onse adzamuone. Anatsegula zitseko zonse ziwiri, anatsegula ndi kutsogolo kuti anthu aone injini, n'kuima pambali makiyi akuzungulira pachala, kudikira mafunso.

Ine nditaona motoka ija ndinaona mawondo anga atapulumuka.

"Ba sisi, njinga ni ya chani pamene pali motoka? Maminiti teni chabe, tafika," ndinatero.

Asisi anaizungulira motokayo kawiri, manja kumbuyo, ngati munthu wogula mbuzi imene sakuikhulupirira. Ananena kuti chinthu ichi chikuoneka choopa miyala. Koma ndinawakakamira, Masauso nayenso akulumbira kuti mkaka ufika usanadziwe kuti watuluka m'ng'ombe. Mapeto ake anavomera, ndipo njinga anabwereketsa mnansi wina amene amafuna kulawirira kuchigayo. Gwirani bwino pamenepo: njinga inachoka pakhomo chifukwa cha pakamwa panga.

Tinadzuka ziro faifi. Udzu uli mbuu ndi chisanu, mpweya ukuoneka potuluka m'kamwa. Asisi anali atawiritsa kale madzi mumphika waukulu. Madzi amenewo ali ndi ntchito ziwiri: ofunda pang'ono amatsukira mawere a ng'ombe, owira amatsukuluzira zigubu mkaka usanalowemo. Zaka zonse zimene akhala akukama sanadumphepo zimenezi. Amati litsiro limene limasasitsa mkaka ndi lija losaoneka ndi maso. Anasiya mphika pamoto n'kulowa m'khola kukamanga ng'ombe miyendo ndi kuzipatsa gaga.

Apo n'kuti Masauso ataliza kale injini. Posakhalitsa ndinamva akundiitana ndi mawu a munthu amene walandira uthenga wa maliro.

"Mwana, bwela uone. Matayala yazizila. Sitingayende so."

Ndinasuzumira. Pakati pa motoka, pamene enafe timayembekeza kuona wailesi, pali kagalasi kowala. Pamenepo panali chithunzi cha motoka yomweyo, matayala anayi onse abuluu, pambali pa lililonse nambala sikisi. Madigiri sikisi.

Anandilongosolera modekha, monga amachitira ndi anthu akumudzi obwera kudzagula foni. Awa si matayala a minibasi, anatero. Mphira wake anaupangira phula lotentha. Ukazizira umauma gwa, ukhoza kuterereka kapena kung'aluka kumene. Ku gulu lawo la pafoni, la eni motoka zothamanga, lamulo ndi lakuti pansi pa seveni susuntha, umadikira mpaka chithunzi chisanduke chobiriwira. Ananditsegulira ndi kanema wa mpikisano wa kunja, mmene anthu ovala zofanana amafunditsa matayala mabulangete amagetsi motoka isananyamuke. Ndipo tayala limodzi lokha, anandinong'oneza, mtengo wake ungagule ng'ombe.

Tsopano apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa asisi nawonso amawerenga danga lino. Nzeru ya madzi otentha sinali ya Masauso. Inali yanga. Ndinakumbukira madalaivala a malole kwathu ku Katete, mmene ankasonkhera moto pansi pa injini ya dizilo m'mawa wa Juni kuti idzuke. Ndinati ngati injini imamva moto, tayala lingakane bwanji madzi? Ndinaloza mphika wa asisi ndi dzanja lomweli ndikulemberali.

Tinayamba ndi lakutsogolo kumanja. Ine kuthira ndi ketulo, Masauso kuyang'ana kagalasi. Nthunzi ili tolotolo. Ndinaligwira tayalalo, linandiotcha mpaka ndinakupiza zala.

"Yakwera?" ndinafunsa.

"Sikisi."

Tinathira lachiwiri. Sikisi. Tinazungulira onse anayi, tinabwerezanso, mphika mpaka pansi. Pabwalo pali matope okhaokha, nsapato zanga zanyowa, kagalasi kali phee pa sikisi ngati mboni imene yauzidwa kale chonena.

Asisi anatuluka m'khola ndi chidebe. Anayang'ana mumphika, anayang'ana matope, anayang'ana ife. Zimene ananena akonzi a nyuzipepala ino sangazilole, ndipo zina zinakhudza ndi makolo athu amene, mwa tsoka, ndi awonso omwe. Koma ng'ombe sizidikira mlandu. Mawere anali atadzaza, nkhuni zotsala zili zonyowa ndi mame, nthawi ikuthamanga. Anatsukuluza zigubu ndi madzi ozizira a pachitsime n'kuyamba kukama. Ine ndili pambali kuwalimbitsa mtima kuti maminiti teni okha sangasasitse mkaka.

Dzuwa likutuluka zigubu zinali pampando wakumbuyo, chilichonse chomangidwa lamba wake. Mpando umenewo anaupangira anthu opanda miyendo, koma ine ndinadzipanikiza pakati pa zigubuzo, mawondo ali m'chibwano. Asisi kutsogolo, m'juzi ndi chitenje, manja pachifuwa. Masauso anatsegula hita mpaka kumapeto, ati kutentha kukadzaza m'kati kutsikira kumatayala.

Ndipo sitinasunthe.

Masauso anatuluka, anakatenga mbaula kukhitchini, n'kuyamba kuiyendetsa tayala ndi tayala, akuyesa mtunda ndi phazi kuti mphira usapse. Akaika mbaula amathamanga kudzasuzumira pakagalasi. Sikisi. Asisi anati zigubu zitsike. Iye anati maminiti awiri chabe. Anabwereza kuti zitsike. Iye anati taonani, lakumbuyo likufuna kusintha mtundu. Ndipo zikanatsika, zikanapita pa chiyani? Njinga inali pamzere kuchigayo. Akale anati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma sanamuganizire zengerezu wokhala ndi hita.

Anansi anayamba kusonkhana kumpanda, aliyense atadzikulunga m'bulangete. Mkulu wina anafunsa mwaulemu ngati motoka yadwala, ndipo ngati tayesako kuipatsa tiyi. Kenaka tinamva belu la njinga. Amake Lute, zigubu kumbuyo, chipewa chaulusi mpaka m'makutu. Anapereka moni, anayang'ana mbaula, anayang'ana asisi kudzera pagalasi, n'kupalasa. Ine kumbuyo kuja ndinafuna kulowa m'chigubu ndi manyazi.

Asisi anatsitsa galasi.

"Masauso, mvera. Ngati siuyenda manje manje, nizakhuthula mkaka wonse uyu pamipando yako."

Mipando yachikopa, abale. Tinanyamuka.

Koma kunyamuka kwake! Liwiro la wilibala. Mwala uliwonse timaulambalala ngati apongozi. Pa kamtunda kalikonse motoka imakwera cham'mbali, mwini wake akuluma mlomo, akumvetsera ngati mimba yakhudza pansi. Ndipo pamene njira yawongoka pang'ono, amapotoza chiwongolero uku ndi uku, ati ndi mmene akatswiri a mpikisano amatenthetsera matayala. Mkaka m'zigubu uli khutchu khutchu. Tinayamba kukumana ndi alimi akubwerako kudepoti, zigubu zopanda kanthu zikulira kumbuyo kwa njinga, aliyense akutipatukira ndi ulemu woyenera motoka yodula.

Patatsala pang'ono kufika pali kachigawo ka msewu wosalala. Pamenepo Masauso anaponda pang'ono, ndipo kagalasi kanadzidzimuka. Lakutsogolo lina sate wanu, linzake twente naini, lakumbuyo lina thwelofu, lotsalalo likadali pa sikisi wake. Awiri anabiriwira. Munthu analiza hutala ndi chimwemwe.

"Mwaona ba sisi? Yayamba kusebenza!"

Asisi sanatembenuke.

Tinafika ziro eiti itapitirira. Mayi woyesa mkaka anali atayamba kale kutsuka ziwiya zake, koma poona kuti ndi a Esnati anati tibweretse, za nthawi atikhululukira. Kuyesa kwake n'kosavuta. Amatunga mkaka pang'ono, amasakaniza ndi sipiriti m'kambale, n'kuzunguza. Mkaka wabwino umakhala wosalala. Wathu unagawikana, timibulu toyera tikukakamira m'mbali mwa kambale. Anayesa chigubu chachiwiri. Chimodzimodzi. Asisi anapempha kuti abwereze, ndipo anabwereza, dzanja lake likuoneka kuti silikufuna.

"Amai, pepani. Lamulo mulidziwa, munali pomwepo polipanga."

Asisi anagwedeza mutu, anamanga bwino chitenje, n'kuuyamba wapansi kubwerera kunyumba. Motoka anakana kulowamonso. Ife tinawatsatira pambuyo ndi mkaka wathu wosasa, ndipo kunena zoona, mpaka pageti sitinawapitirire. Mkakawo unamwedwa ndi nkhumba za mnansi.

Lolemba ndinapita pa Chongwe kwa Ba Chembe, amene amamata matayala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu waukulu kuyambira ine ndili ndi tsitsi lakuda. Ndinawafotokozera zonse, ndikunamizira kuti zinachitikira mnzanga wina. Anaseka mpaka anakhala pansi, akupukuta misozi ndi nsanza ya girisi. Atapuma anayang'ana kumapazi kwanga n'kufunsa ngati nsapato za mnzangayo zauma.

Kenaka anapisa m'chitini cha mabawuti n'kutulutsa kanthu kakuda, kosaposa bokosi la machesi. Aka ndiye mneneri wanu, anatero. Kamakhala m'kati mwa tayala, komangiriridwa ku valuvu, paja timapopera mpweya. Sikakhudza mphira umene umaponda msewu. Kamangomva mpweya wa m'kati ndi chitsulo cha gudumu. Ukathira madzi kunja watenthetsa khungu chabe. Mphira ngwokhuthala, kutentha kusanafike m'kati mphepo yakulanda kale.

Koma chachikulu si chimenecho. Kanthuka kali ndi batire lake laling'ono, ndipo pofuna kulisunga kamagona motoka ikaima. Kamadzuka gudumu likazungulira ndi liwiro ndithu, osati la wilibala. Kasanadzuke, kagalasi kamangokuonetsa zimene kanamva komaliza, kapena kamangoganizira poona kuzizira kwa kunja. M'nyengo yozizira batire lokalamba limachita ulesi, kanthuka kamalankhula mochedwa, mwina osalankhula n'komwe. Kakadzukanso sikanena zoona zonse: ka pafupi ndi mabuleki otentha kamakweza nambala, ka mbali ya dzuwa kamasiyana ndi ka mumthunzi. Ndipo kaja kanakakamira pa sikisi, Ba Chembe anati angabetche kuti kanafa kalekale, mwina motoka isanakwere n'komwe sitima.

Ndinafunsa ngati nkhani ya mphira wozizira ndi bodza. Anati si bodza lonse. Kwa munthu wothamanga paphula, kumaiko kumene madzi amaundana pamsewu, nkhaniyo ndi yoona, ndipo ngakhale kuno m'mawa wa Juni wanzeru amayamba pang'onopang'ono. Koma tayala limatenthedwa ndi kuyenda, palibe china.

"Motoka inali kuyembekeza imwe kuti muyende, imwe muyembekeza motoka. Nanga kufunsa kunavuta chani?"

Safunsa adadya phula. Ife phula lake tinadyetsa munthu wosalakwa.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi sabata yonse, ndipo chimene chikundiwawa si uchitsiru wa Masauso. Uchitsiru wake ngwakale, tinauzolowera, pabanja tinaupatsa kale mpando wake. Chikundiwawa n'chakuti amuna awiri aakuluakulu tinaima pabwalo, nthunzi ikutiphimba kumaso, tayala likuotcha, koma kagalasi katanena kuti kukuzizira tinavomera kuti kukuzizira.

Kodi tinayamba liti, abale, kuliyesa khungu lathu labodza?

Mukukumbukira nthawi ya mliri ija, pamene pakhomo la sitolo iliyonse panali mlonda ndi kamfuti koyesera kutentha kwa thupi? Tsiku lina m'mawa wozizira anandiloza pachipumi, kamfuti kanawerenga sate thu. Munthu wa sate thu sayenda yekha, amanyamulidwa. Mlonda anayang'ana nambala, anayang'ana ine, n'kunena kuti muli bwino bwana, lowani. Ine ndinathokoza n'kulowa. Tonse awiri tinakhutira, chifukwa chinthu cha batire chinali chitalankhula.

Mnzanga wina wa ku Kanakantapa anapeza motoka ya alendo pakati pa munda wake wa kabichi, dalaivala akumuonetsa foni kuti pano pali msewu. Dalaivalayo anakangana ndithu ndi mwini munda, mapazi ali pa kabichi wa eni. Ndipo ndani mwa ife sanaimepo pawindo la ofesi, thupi lonse lilipo, chitupa chili m'manja, n'kuuzidwa kuti makina sakukuonani, bwerani mawa? Umakwera minibasi yobwerera ukudzikayikira wekha ngati ulipodi.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti titaye zipangizo tibwerere kolawa mkaka ndi chala. Kambale ka mayi wa kudepoti nakonso n'chipangizo, ndipo kananena zoona zokhazokha, ngakhale zowawa. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi uja amadziwa chimene kambale kake kamayesa ndi chimene sikayesa. Ife timagula zinthu zolankhula osafunsa kuti zikunena za chiyani, zili maso kapena zili m'tulo. Nambala ikangowala, makamaka pambali pake pakakhala timawu ta Chingerezi, timavula chipewa.

Ndipo taonani mmene timaitanitsira katundu. Motoka imabwera pa sitima ndi nkhawa zake zomwe, nkhawa za dziko la eni, kumene msewu umaundana ndipo mwala suyenda wokha pakati pa njira. Ife timalandira zonse, motoka ndi nkhawa, n'kuzitengera ku Palabana kumene adani a tayala ndi minga ndi misomali. Munthu amadziwa kutentha kwa gudumu lake lakumbuyo kumanzere, koma mufunseni kuti mkaka umapirira nthawi yotani m'chigubu chosatsuka bwino, akuyang'anani ngati mwamufunsa za kumwezi. Chonsecho anakulira mkaka womwewo.

Wina anena kuti bambo wolembayu ndi nsanje chabe, iye alibe motoka. Zoona, ndilibe, ndipo nsanje ilipo pang'ono, sindikana. Koma nsanje yanga sinasasitsepo mkaka wa munthu. Chimene chinasasitsa mkaka ndi ulemu wanga, ulemu umene ndinapatsa chinthu chowala chifukwa choti n'chodula ndipo chachokera kutali.

Oipitsitsa ndife ophunzira. Munthu wosapita kusukulu akanaona tayala likufuka nthunzi akanati latentha, tiyeni. Pamafunika satifiketi kuti munthu agwade m'matope ndi ketulo. Ndife timatola zopusa za pafoni n'kuzimasulira m'Chinyanja chabwino, kuziveka jekete ndi tayi, mpaka mayi wodziwa ntchito yake akhale chete poganiza kuti mwina ana asukuluwa akudziwa kanthu.

Masauso? Ali bwino, zikomo pofunsa. Anabwerera ku Lusaka Loweruka lomwelo, nkhomaliro osadikira. Analemba ku gulu lawo kuti motoka yake yapambana mayeso a kumudzi, kungoti misewu ya kuno siyoyenera. Anzake anamuombera m'manja. Wina anamulangiza kuti aitanitse mabulangete aja.

Dzulo, Lachinayi, ndinabwerera ku Palabana kukapepesa. Ndinasankha tsiku loipa. Ndinafika msoti ukudutsa pamsewu wa kutsogolo kwa nyumba, uli pachingwe, Amake Lute patsogolo, amayi a gulu pambuyo akuimba. Njira yopita kwawo ndi yomweyo, palibe ina. Poyandikira pageti nyimbo inazilala yokha.

Asisi anatuluka. Anaimitsa gululo, anaisisita ng'ombeyo pamsana, anaiyang'ana m'kamwa ndi kumapazi, n'kuuza mnansi wawo kuti wapeza ng'ombe yabwino, aisamale. Kenaka anandituma kuti ndisenze mitolo ya udzu imene anaunjikira msotiwo ndikaitule kwa Amake Lute, isaonongeke pachabe. Ndinayenda maulendo anayi. Palibe anandithandiza, ndipo sindinapemphe.

Nditabwerako komaliza ndinapeza asisi atakhala pachitsa, pafupi ndi kakhola kopanda kanthu. Ndinayamba mawu amene ndinakonza m'minibasi, za kanthu kogona m'tayala, za batire, za Ba Chembe. Anandidula.

"Za Masauso nilibe nazo mawu, uja anachoka kumudzi akali mwana. Koma iwe unakulira m'khola. Unakhala pakati pa zigubu ola lathunthu, manja ali pachitsulo. Sunamve kuti zikutentha?"

Ndinamva, abale. Ndinamva kuyambira pachiyambi, thukuta likutsika m'khosi, chitsulo chikufunda m'manja mwanga m'malo mozizira. Ndinadziwa tanthauzo lake monga ndidziwira dzina langa. Ndikanangotsegula pakamwa, zigubu zikanatsika n'kukhala pamphepo, tikanabwereka njinga ya wina aliyense mwa anthu aja anali kumpanda. Koma sindinafune kuoneka wakumudzi m'motoka ya msuweni wanga.

Asisi ananyamuka n'kukatenga chidebe, chifukwa nthawi yokama inali itakwana.

Funso lawo ndabwera nalo kwa inu, chifukwa ine landikanika. Chija chili m'manja mwanu sabata ino, chimene mukuchimva ndithu kuti chikuonongeka, mukudikira ndani kuti adzakuuzeni?